Jamu wa nthudza ndi masuku: ndalama ilipo, nanga phiri lipulumuka?

Nachisale (Domwe):
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru za anthu ambiri. Kwathu kuno tili ndi kagulu ka amayi kamene tinayamba ngati chipereganyu, koma tsopano taganiza zomaphika jamu wa zipatso za kuphiri, makamaka nthudza ndi masuku. Tikufuna amayi azipezako ya sopo ndi makope a ana, komanso kuti anthu aleke kuona mitengo ya kuphiri ngati makala ongodikira nkhwangwa. Nkhalango ija chaka chilichonse ikubwerera m'mbuyo. Masuku amene tinkatola kuseri kwa sukulu lero tikuwalondola ulendo wa m'mawa wonse. Nyengo yapitayi tinayesako kuphika. Wa nthudza anakoma ndipo anagwirana bwino, koma wa masuku anatuluka wamadzimadzi, mabotolo ena n'kuchita chuku pamwamba mwezi usanathe. Amene mukuidziwa ntchitoyi tithandizeni. Ndifunsenso mosabisa mawu: ndalama ilipo m'zimenezi, kapena tikungotaya shuga?

Mayi a Tadala (Matundo, Tete):
Nthudza! Mwandikumbutsa kutali achemwali. Tili ana tinkazipekesa m'manja mpaka zifewe, apo ayi zimakumanga m'kamwa tsiku lonse. Kuno kutauni jamu wake sindinamuonepo. Mukaphikanso mundisungire botolo, ndilipira.

A Jere (Ulongwe):
Mayi Nachisale, ine ndiyankhe za kukhitchini, za ndalama ayankha ena. Kunyumba kwathu takhala tikuphika jamu wa mapichesi kuyambira ndisanapume pa uphunzitsi, ndipo malamulo ake ndi amodzimodzi.

Kuti jamu agwirane pamafunika zinthu zitatu zikumane: shuga, kuwawasa, ndi kaulimbo ka m'chipatso kamene akatswiri amati pekitini. Nthudza zili nako kuwawasa ndi kaulimbo komwe, n'chifukwa chake zinakumverani. Suku lakupsa ndi lotsekemera chabe. Ndiye muzifinyiramo madzi a mandimu, kapena kuthiramo ufa wa malambe wosefa bwino, masupuni angapo pa kilo. Malambe ali nazo zonse ziwiri, ndipo m'chigawo chathu chino cha Tete munthu sangalire kuti malambe asowa.

Muyeso wake ndi uwu: kilo ya phala la chipatso, mutachotsa makoko ndi nthangala, pa kilo ya shuga kapena kucheperako pang'ono. Musamayese ndi maso, gulani kasikelo. Mukamana shuga pofuna kupulumutsa ndalama, chuku chija chibwera basi. Poto akhale wotambalala ndipo musamudzaze. Mukaphika wambiri nthawi imodzi amachedwa pamoto, amada, n'kumamveka kupserera.

M'mabuku amalemba kuti jamu amapsa pa madigiri 105, koma imeneyo ndi nambala ya kumalo otsika ngati Tete. Kuno kumtunda madzi amawira asanafike pa 100, choncho amene ali ndi choyezera ayese kaye pamene madzi ake amawirira, awonjezepo madigiri 4 kapena 5. Amene alibe, aviike mbale yadothi kapena yagalasi m'madzi ozizira, aipukute, adonthezepo jamu pang'ono, adikire kamphindi, akankhe ndi chala. Akachita makwinya ndipo kanjira ka chala n'kukhala kosatsekeka, wapsa. Mabotolo ndi zivundikiro ziwire m'madzi, mutsanulire jamu akadali wamoto, mutseke pompo.

Nachisale (Domwe):
Zikomo aphunzitsi, ndalemba zonse m'kope. Mabotolo athu ndi a mayonezi ndi a khofi otolera kwa anthu. Amenewo ndi oyenera?

A Jere (Ulongwe):
Botolo lakale lilibe mlandu ngati silinabenthuke kukamwa. Wopalamula amakhala chivundikiro. Chikachita dzimbiri, chikapindika, kapena kamphira ka m'kati kakatha, mpweya umalowa. Jamu akazizira dinikizani pakati pa chivundikiro. Chikamalowa n'kubwerera, botolo limenelo mudye kunyumba, musagulitse.

A Ngozo (Zobwe):
Ine ndilolereni ndikhale woipa wa pagulu. Ndimayendetsa chapa, minibasi ija, pakati pa Zobwe ndi Moatize, ndipo matumba a makala amene ndimawadutsa m'mbali mwa msewu pa ulendo umodzi simungawawerenge. Munthu akagwetsa mitengo sabata ino, sabata yamawa kapena inayo ndalama ili m'thumba, ndipo wogula amachita kumuimira yekha pamsewu. Inu masuku anu amapsa kamodzi pachaka. Mugule shuga, musake mabotolo, muphike, kenako muyambe kufunafuna wogula. Fodya ndi uyu ali pamphuno, amayi. Ndiye mundiuzenso: jamuyo muphikira chiyani? Si nkhuni za kuphiri komweko?

Nachisale (Domwe):
Kikiki a Ngozo, funso lomalizalo tinalikambirana kale. Timaphikira zitsononkho ndi mapesi a nandolo pa mbaula yadothi. Kuno chimanga timalima, zitsononkho timachita kuziponda pabwalo. Koma zinazo ndamva, pitirizani kutikalipira.

Mwana wa ku Changara:
A Ngozo mwanena zoona, koma theka. Mudzabwere kwathu mudzaone. Ku Changara, ku Marara, mpaka Chitima ndi Mágoè, dzuwa lake mukulidziwa, chimanga chimakana zaka zambiri. Koma kuyambira Juni mpaka Ogasiti masawu amangoti mbwee, mabeseni ali ndandanda m'mbali mwa msewu wa ku Cuchamano ndi wa ku Guro. Amayi amayanika pamphasa ndi pamiyala, ena amasinja n'kusunga kuti m'miyezi ya njala aziphikira phala, ena amatcheza kachasu. Tsono funsani kuti ndani kwathu amadula msawu wa m'munda mwake. Palibe. Polima amaulambalala, ndipo mwana akaudula amakalipiridwa ngati wapha mbuzi. Mlambenso chimodzimodzi. Chilala cha 2024 chija mabanja ambiri anadutsira pa mitengo iwiri imeneyi.

Ndiye zoti chipatso cholowetsa ndalama chimateteza mtengo wake si nthano. Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: tsanya amene waima pafupi ndi msawu uja amagwa tsiku lomwelo n'kukalowa mu uvuni wa makala. Masawu apulumutsa misawu. Tchire lonse sanalipulumutse.

A Bonongwe (Songo):
Mwaiwala kunena kuti kachasu wa masawu ali ndi msika kale, safuna chizindikiro cha pabotolo kapena chivundikiro. Amayi a ku Domwe, ganizirani bwino.

Nachisale (Domwe):
Amalume, theka la gulu lathu ndi amayi a Chigwirizano, enawo a Legio. Mukufuna atichotse mumpingo tonse tsiku limodzi?

Mlangizi wa zaulimi (Furancungo):
Mfundo ya achimwene a ku Changara ndi imene ndimafuna tifikepo, chifukwa msuku ndi msawu ndi mitengo ya makhalidwe osiyana kwambiri. Msawu umamera paliponse. Mbuzi ikadya n'kukalavula nthangala kukhola, mvula ikagwa wamera. Msuku ndi wovuta. Nthangala yake ikauma masabata ochepa yafa, sisungika ngati mbewu ya chimanga. Mizu yake imakhala pa ubale ndi tizinthu ta mtundu wa bowa ta m'dothi la m'nkhalango, timene timaithandiza kuyamwa chakudya. N'chifukwa chake mbande zofesedwa m'dothi la kudimba kawirikawiri zimangochita chikasu n'kupinimbira, pomwe ukatapa dothi la pansi pa misuku n'kuthira m'machubu zimakula. Bowa ambiri amene mumazula mu Januwale, monga manyame, ndi a ubale womwewo ndi misuku, mombo ndi mchenga. Mitengo ikagwa, bowa amapita nayo.

China chimene ambiri sachilabadira: misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi. Waumuna umangochita maluwa, subala. Tsono munthu wofuna nsichi za chigafa cha fodya amalowa m'tchire ndi mtima wabwino ndithu, amati ndidula uwu wosabala, wobala ndiusiya. Ndipo msuku amaukonda pomangira chifukwa chiswe sichiuthamangira. Akatero anthu ambiri kwa zaka zingapo, yaikazi ija imayamba kubala mwa apo ndi apo poti mungu ukusowa, anthu n'kumati mvula ndiyo yalakwa. Kuno ku Macanga, ndi kwanu ku Angónia komwe, zigafa zimadya mitengo yambiri chaka ndi chaka.

Kwa anzathu ku Malawi, ku Makoka kufupi ndi Zomba, akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo, anagwira ntchito zaka zambiri yosankha misuku ya zipatso zazikulu ndi zotsekemera n'kumaimezanitsa. Womezanitsa umabala msanga kuposa wofesa. Komabe masuku a jamu wa a Nachisale m'zaka zikubwerazi azichokera kuphiri basi. Phiri likayera, bizinesi yatha. Kwa ine chimenechi n'chabwino, chifukwa ndi chipatso chokakamiza munthu kusamala nkhalango yonse.

A Ngozo (Zobwe):
Chokakamiza ndani, alangizi? Amayi ophika jamu sindiwo amagwira nkhwangwa.

Mayi a Tadala (Matundo, Tete):
Eee, apa a Ngozo alasa.

Wakale wa makala (Tsangano):
Ndinali chete koma apa ndilankhuleko, poti nkhwangwayo ine ndinaigwirapo. Anthu amaganiza kuti owotcha makala amaikonda ntchito ija. Kugwetsa, kudula zipika, kusanja, kukwirira ndi udzu ndi zibuma, kenako kugona kutchire kulondera uvuni. Pakati pa usiku ukaona utsi wasintha, wayamba kutuluka wabuluu pamalo amodzi, udziwe kuti pabooka, uthamange ndi khasu ukatseke. Ukagonereza, m'mawa upeza phulusa lokhalokha. Chifuwa changa mpaka lero chimakumbuka. Ndinasiya nditapeza njinga yamoto ya kabaza, osati chifukwa choti wina anandiphunzitsa za chilengedwe.

Ife tinkawotcha kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, chifukwa ndi nthawi yofuna ndalama ya feteleza ndi mbewu. Masuku amayamba kugwa cha mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yomweyo imene munthu wasweka mutu. Kukanakhala munthu pamudzi wogula masuku pa beseni, ndalama pompopompo, anyamata ambiri akanakwera phiri ndi mabeseni. Kutola masuku n'kopepuka kutalitali kuyerekeza ndi uvuni. Koma mukati amayi a gulu okha ndiwo azitola, aziphika, azigawana, mnyamata uja phiri saliona ngati lake. Ndipo mukamuuza kuti tikulipira jamu akagulidwa, mwamutaya.

Vuto lina ndi moto. Masuku amakhala ali pamtengo chilimwe chonse akukula. Osaka mbewa akayatsa tchire mu Seputembala, udzu uli gwaa, moto umafika m'nthambi n'kuwaula zipatso. Chaka chimenecho musayembekezere kanthu.

Nachisale (Domwe):
Achimwene, mawu anuwa andikhudza. Ife tinkawerengera zotola tokha kuti tisawononge ndalama. Koma ndalama yogulira masuku pompopompo tiitenga kuti, shuga yemwe akutivuta?

Nangondo (Maputo):
Ndiye mpake tikambe za ndalamazo tsopano. Ine kuno ndimagulitsa zakudya za kwathu, nyemba za ku Angónia, mbatatesi, malambe, masawu ouma, ndipo za mabotolo ndinazilowako.

Mukakhala pansi ndi cholembera mupeza kuti mu botolo la jamu chotsika mtengo kwambiri ndi chipatsocho. Shuga, botolo, chivundikiro, chizindikiro ndi thiransipoti ndizo zimadya ndalama. Choncho kulipira otola sikungakugwetseni, chimene chingakugwetseni ndi kugulitsa motchipa. Ndipo musayerekeze kupikisana ndi jamu wa m'zitini wochokera ku South Africa amene wadzaza m'mashopu. Amene uja amaphikidwa ndi makina, mtengo wake simungaufike. Munthu wa pamudzi amene amagula buledi mwa kamodzikamodzi si kasitomala wanu. Wanu ndi wa kutauni amene anakulira kumudzi, ngati amayi a Tadala aja anayamba kale kulira nthudza, ndi mahotela a ku Tete ndi Moatize kumene kumagona anthu a kumigodi ya malasha, ndi apaulendo a pa malire a Zobwe ndi Kalomwe. Amenewo akugula chinthu chimene sangachipeze kwina, ndiye mtengo wake ukhale wa chinthu chosowa.

Koma shopu kapena hotela sidzalandira botolo lopanda chizindikiro, chifukwa a boma oyendera malonda akabwera amene amalipitsidwa ndi mwini shopu. Chizindikiro chilembedwe m'Chipwitikizi: dzina la chinthu, zimene zilimo, kulemera kwake, tsiku lophika, tsiku lothera mphamvu, ndi dzina la gulu lanu. Dzina la Chichewa lisachoke, mulembe NTHUDZA ndi zilembo zazikulu, ndilo likugulitseni. Adzafunanso fakitura, ndiye gulu likhale lolembetsedwa ndipo likhale ndi NUIT, nambala ya msonkho ija. Yambirani ku ofesi ya boma yoona zaulimi ndi zamalonda, SDAE, ku Ulongwe, akakuuzani njira, ndipo mukafunse komweko za chilolezo, chifukwa kutola za m'nkhalango zodya pakhomo ndi kutola zogulitsa lamulo limazisiyanitsa.

Langizo langa lenileni: chaka choyamba tsamirani pa nthudza, poti zakumverani kale, mtundu wake ndi wofiirira wokongola m'botolo, ndipo pamsika palibe amene akuzifuna zaziwisi. Masuku ali ndi msika kale pamsewu. Mukhoza kupeza kuti beseni la masuku abwino likupindulitsani kwambiri mukaligulitsa momwemo, jamu n'kumaphika ndi ophwanyika ndi otsala amene akanaola.

Naphiri (Chiúta):
Achemwali a ku Maputo anena zonse koma asiya chimodzi: mahotela amalipira mochedwa. Ife tinaperekapo uchi ku malo ena ogona alendo, sinditchula dzina. Anati bwerani kumapeto kwa mwezi. Mwezi unatha, abwana ali ku Beira. Wina unatha, akauntanti wadwala. Ndalama ya thiransipoti yolondola ngongole inatsala pang'ono kufanana ndi ngongoleyo. Amatidyera masuku pamutu anthu amenewa chifukwa amadziwa kuti wakumudzi sangapite kukhoti. Musasiye katundu wambiri kwa munthu mmodzi. Mabotolo ochepa, alipire pa M-Pesa kapena e-Mola, ndiye mubweretse ena.

Ndipo mabungwe muwasamale. Kwathu linabwera lina ndi mapoto onyezimira, mayunifolomu, zithunzi anajambula zambirimbiri. Pulojekiti itatha galimoto inasiya kubwera, ndipo zivundikiro zimene ankatibweretsera tinalibe kodziwa kozigula. Mapoto aja pano amaphikira nsima pamaliro. Chilichonse chimene mukugwiritsa ntchito muzidziwa kokachigula nokha ndi mtengo wake.

A Bonongwe (Songo):
Bola akugwira ntchito mapotowo.

Mdzukulu wa a Nasibeko (Mtengowambalame):
Ndawawerengera agogo zokambiranazi ndipo andituma ndilembe. Akuti kale masuku anali ndi malamulo. Sunkaloledwa kugwedeza mtengo, kugenda, kapena kuthyola nthambi. Unkatola ogwa okha, m'mamawa, ndipo mfumu ndiyo inkalengeza kuti tsopano apsa. Akuti masiku ano chifukwa cha msika wa pamsewu anthu amathyola aawisi n'kuwavundika m'dzenje kapena m'thumba kuti apse mokakamiza, chifukwa aliyense akuopa kuti akasiya mnzake atenga. Amagenda ndi miyala ikuluikulu pathunthu mpaka khungwa kuchita zilonda. Ndiye akufunsa kuti jamu akakweza mtengo wa masuku, kuthamangitsanako sikuchuluka?

Chachiwiri akuti musaiwale ana. Novembala ndi Disembala nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ndipo ana opita kusukulu ndi abusa a ng'ombe masuku ndiwo chakudya chawo cha masana. Akuti masuku onse akalowa m'mabotolo kupita ku Tete, mwana wa mmphawi adya chiyani?

A Jere (Ulongwe):
Apatseni moni agogowo, funso lawo ndi lolemera kuposa zonse ndalemba ine. Ndiwonjezereko za kukhitchini zogwirizana nalo: suku lovundika silifika pa kukoma kwa logwa lokha, ndipo jamu wake amakhala wosasangalatsa. Ndiye gulu likakana kugula ovundika, likhala likuteteza jamu wake ndi mitengo nthawi imodzi. Amayi amawadziwa pongowagwira.

Mlembi wa komiti (Chifunde):
Zonse mukukambazi zikubwerera pa funso limodzi limene a Nachisale sanatiuze: phirilo ndi la yani, ndipo ndani angamuletse munthu kudula? Ngati yankho ndi lakuti ndi la aliyense, jamu wanu akhala akulemeretsa phiri limene mawa wina abwera ndi macheka a injini atagwirizana ndi munthu mmodzi usiku.

Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, koma mudzi umene wakhala pamalo mwa chikhalidwe uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene amautcha DUAT, ngakhale ulibe pepala. Pepala limafunika tsiku limene kwabwera mlendo. Njira yake ndi kudula malire: mumayenda ndi mafumu oyandikana nawo ndi a boma, kugwirizana kuti mtsinje uwu ndi mwala uwo ndiwo malire, n'kulandira chikalata. Zimatenga nthawi ndipo mikangano yakale imadzuka, koma zikatha mumalankhula ndi mphamvu. Kenako mukhale ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe. Kuyambira 2005 pali lamulo loti 20 peresenti ya misonkho imene boma limatolera kwa odula mitengo ndi osaka nyama m'dera ibwerere kumidzi ya deralo, koma imafuna komiti yodziwika ndi akaunti ya kubanki. Dziwaninso kuti wodula mozemba salipira msonkho, ndiye pa iyeyo mudzi supeza kalikonse, umangotsala ndi zitsa.

Nkhani yoti anthu apindule ndi tchire lawo kuti alisamale si yachilendo m'chigawo chino. Pulojekiti yotere ya Tchuma Tchato inayambira konkuno, ku Bawa m'boma la Mágoè, m'zaka za m'ma 1990 nkhondo itangotha, pamene gawo la ndalama za alenje olipira linayamba kupita kumidzi. Mu 2013 mbali ina ya dera limenelo inasanduka paki ya Mágoè. Mmene ine ndimaonera, anthu amalondera chinthu pamene ndalama yake akuiona ndi maso, ndipo ikayamba kuchedwa kapena kuthera m'njira, misampha imabwerera. Jamu wanu adzayesedwa ndi muyeso womwewo.

Ndiye musanagule shuga wina, pitani kwa mfumu mupemphe msonkhano wa mudzi wonse, amuna ndi anyamata omwe. Mugwirizane zinthu zochepa zoti aliyense angazikumbuke. Mbali iyi ya phiri nkhwangwa isalowe. Misuku yaimuna isadulidwe. Kutentha kwa dala kuchitike udzu usanaumitse, cha mu Meyi kapena Juni, kuti moto wa Seputembala usapeze chodya. Ndipo agogo aja ayankhidwe: mitengo ya pafupi ndi njira ya kusukulu ndi kodyetsera ng'ombe ikhale ya ana, gulu lisagule zochokera kumeneko.

A Ngozo (Zobwe):
Malamulo okoma. Nanga mwana wa mfumu akadula?

Mlembi wa komiti (Chifunde):
Kwathu anadulapo. Tinamulipiritsa mbuzi pamaso pa anthu, bambo ake ali pompo, ndipo kuyambira tsiku limenelo lamulo linayamba kugwira. Akanakhululukidwa, komiti ikanathera pomwepo. Sindikunena kuti kulikonse zimatheka. Mafumu ena ndiwo amagulitsa phiri.

Wakale wa makala (Tsangano):
Komanso musatseke phiri lonse. Anthu afuna nkhuni, afuna nsichi, afuna mitengo ya maliro. Mukatseka ponseponse adzalowa usiku, ndipo wolowa usiku sasankha.

Mlangizi wa zaulimi (Furancungo):
Zoona. Ndipo mitengo yathu ya m'nkhalangoyi ili ndi ubwino umodzi: ikadulidwa bwino chitsa chimaphukira. Malo amene anthu akuti atha, mukangowateteza ku moto ndi mbuzi, mphukira zimadzuka zokha kuchokera ku zitsa ndi mizu, ndipo zimakula msanga kuposa mbande zobzala chifukwa mizu ilipo kale. Mumangopatulira, kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa. Zopatulirazo ndi nkhuni. A Nachisale, kuseri kwa sukulu kumene munkatola masuku kuja mukayang'ane, ndikukhulupirira zitsa zamoyo zilipo.

Muganizirenso ming'oma ya njuchi m'mbali yotetezedwayo. Mwini mng'oma ndi mlonda wa moto amene simumulipira.

Mwana wa ku Changara:
Pa nkhani ya dzina ija a Nangondo anena, onani mbuzi yathu. Cabrito de Tete inalembetsedwa ngati dzina lotetezedwa, ndipo chimene amanena kuti chimakometsa nyama yake ndi masawu ndi malambe amene mbuzi zimadya kutchire. Anthu a ku Maputo amalipira dzina limenelo. Ndiye pa botolo musabise kumene zachokera, mulembe kuti nthudza za ku Domwe, Angónia. Ufa wa malambe nawonso unaloledwa kugulitsidwa ku Ulaya kuyambira 2008, zinthu zimene agogo athu ankangoti n'zamwana wa mbusa.

Ndipo bwanji tisinthane? Nyengo zathu sizikumana. Nthudza zanu zimabwera mvula ikamatha, masawu athu m'nyengo yozizira, masuku anu mvula ikamayamba. Masawu ouma ndi malambe saola msanga, angathe kukwera chapa kubwera kwanuko, mapoto anu osakhala miyezi yambiri ali chivundikire. Masawu nawonso amapanga jamu wabwino, anzathu a ku Zimbabwe amaphika.

Nangondo (Maputo):
Imeneyo ndiyo nzeru, chifukwa shopu imadana ndi munthu wobwera kamodzi pachaka. Koma ndibwereze, musathamangire Maputo kapena chionetsero cha zamalonda cha FACIM chaka choyamba. Mabotolo agalasi pa msewu wautali uno amasweka, ndipo phindu lithera m'njira. Gonjetsani Ulongwe ndi Tete kaye.

Mayi a Tadala (Matundo, Tete):
Za mabotolo ine ndithandiza. Kuntchito kwathu ndi kutchalitchi ndikalengeza, anthu amangowataya. Zivundikiro zatsopano ndikafunsa m'mashopu a m'tauni ndi kumsika wa Kwachena ngati zimapezeka, ndikuuzani mtengo.

A Ngozo (Zobwe):
Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Malinga ngati ku Tete ndi Moatize anthu akuphikira makala, phiri lililonse lili pa ngozi, jamu kapena popanda jamu. Gasi ndi wodula, ndipo magetsi a Cahora Bassa amangotidutsa pamutu. Koma ngati anyamata azilandira ndalama ya masuku m'manja tsiku lomwelo, pamenepo ndikhoza kuvomera kuti phiri limodzi la ku Domwe lingatsale.

Nachisale (Domwe):
Limodzi lomwelo ndi limene tikulifuna, achimwene. Loweruka tikumana amayi, ndikawawerengera zonsezi. Ndikuona kuti pa zogula masuku kwa anyamata pakakhala mkangano, chifukwa ena adzati ndalama ya chipereganyu ndi yathu, bwanji ipite kwa ana a eni. Ndikayesa kuwauza kuti tiyambe ndi mabeseni ochepa. Kwa amfumu tipita ndi amayi awo aang'ono, ali m'gulu mwathu, ndipo iwo akalankhula amfumu sayankha kawiri.

A mlembi, munganditumizireko malamulo a komiti yanu kuti tionereko? Ndipo aphunzitsi, ufa wa malambewo tithire poyamba kapena jamu akayamba kuwira?

A Jere (Ulongwe):
Poyamba. Muusungunule m'madzi pang'ono, musefe, musakanize ndi phala la masuku musanathire shuga. Mukauthira wouma pamoto umachita mibulu. Yesani kaye kilo imodzi, mulawe, chifukwa mukachulutsa jamu amveka malambe okhaokha.

Mlembi wa komiti (Chifunde):
Ndijambula masamba ake madzulo ano netiweki ikalola. Ali m'Chipwitikizi, koma mwana wa sukulu angakumasulireni.

Mwana wa ku Changara:
Malambe ndili nawo thumba limodzi kunyumba kwa mayi. A Ngozo, ndikalifikitsa ku Moatize mungalinyamule?

A Ngozo (Zobwe):
Ndinyamula mpaka pa mphambano ya ku Angónia, pamenepo ndikapatsira mnzanga wa chapa ya ku Ulongwe. Thumba silipira, koma botolo limodzi la nthudza ndi langa.

Nachisale (Domwe):
Lanu lilipo. Achimwene a ku Changara, malambewo mutumize osaswa, tidzaswa tokha kuno kuti ufa usalowe chinyezi m'njira.